Mmene mungadziwire zomwe magazi anu anatengera kwa makolo pa nkhani ya malungo, ndi zoti muchite mukadziwa

Nyumba imodzi, udzudzu womwewo, neti yong'ambika yomweyo, koma mwana wina mvula ikangoyamba ndiye kuti agonekedwa basi ali pa dilipu, pomwe mnzake amangotentha thupi pang'ono mawa lake ali panja kuthamanga. Timangoti uyu magazi ake ndi olimba uyu ndi ofooka, ena mpaka kuyamba kuloza agogo zala kuti akumulodza. Za magazi olimbazo sibodza kwenikweni ayi, kungoti ambiri amaimva theka nkhaniyi nkuyamba kutayirira. Nde ndati ndilembeko kuti munthu ufufuze bwanji zomwe unatengera kumtundu, ukayezetse chani, pepala la ku labu uliwerenge bwanji, ndipo ukadziwa upange nazo chani.

Kaye timvetsetsane chomwe chinachitika. Kachilombo koyambitsa malungo oopsa aja, Plasmodium falciparum, kakalowa m'thupi kudzera mwa udzudzu waukazi kamayamba kakabisala m'chiwindi, kenako nkulowa m'maselo ofiira a magazi momwe kamadya ndi kuswana. Kakhala kakupha ana mu Africa muno kwa zaka masauzande ndipo sikanasiye, WHO ikuti mu 2023 anthu pafupifupi 597,000 anafa ndi malungo padziko lonse ndipo 95 mwa 100 aliwonse anali a mu Africa, ambiri ana osakwana zaka zisanu. Ndiye taganizani, kalekale kulibe LA kulibe neti, mwana amene anabadwa ndi maselo ofiira osiyanako pang'ono, oti kachilomboka kamavutika kukhalamo, ndi amene ankapulumuka nkukula nkubereka, ana ake nkutengera, adzukulu nkutengeranso. Mibadwo ikamapita kusiyana kuja kunkachulukira m'mtundu. Anthony Allison, dokotala amene anakulira ku Kenya, ndi amene anaonetsa mu 1954 kuti anthu otengera kachibadwa ka sickle cell, kamene kamapinditsa maselo ofiira ngati chikwakwa, kwa kholo limodzi malungo sawapeza mofanana ndi ena. Lero m'maiko ngati Nigeria, Ghana ndi Cameroon munthu m'modzi mwa anayi kapena asanu ali nako kachibadwa kameneka, ndipo kuno kwathu kuliponso ambiri amene ali nako koma sakudziwa. Vuto ndi loti chitetezo chimenechi sichinabwere chaulere, chili ndi mtengo wake, ndipo amene amalipira nthawi zambiri ndi mwana.

Poyambira ndi kunyumba, musanawononge ndalama ya thiransipoti. Khalani pansi ndi amayi, azakhali, agogo, mufunse za ana a m'banjamo, amoyo ndi omwe anatisiya. Musafunse kuti kodi kwathu kuno kuli sickle cell, akuyankhani kuti ayi chifukwa dzinalo mwina sanalimvepo. Funsani kuti kodi analipo mwana amene ankatupa timanja ndi timapazi ali wakhanda nkumalira osatonthola, amene maso ake ankakhala achikasu, amene ankangoikidwa magazi pafupipafupi, amene kukazizira ankalira ndi mafupa, kapena ana amene anamwalira motsatizana asanafike zaka zisanu. Funsaninso ngati alipo, makamaka mwa amalume ndi ana aamuna a mbali ya amayi, amene atamwa mankhwala ena ake anayamba kukodza mkodzo wakuda nkufooka mwadzidzidzi. Mufunse mbali zonse ziwiri, kuchimuna ndi kuchikazi komwe, ndipo mufunse mwaulemu chifukwa mukukumba pamene panali maliro. Koma olo onse anene kuti sitinaonepo zotere musati ndapulumuka, munthu wotengera mbali imodzi sadwala, chinthuchi chimatha kuyenda mwakachetechete mibadwo ingapo mpaka tsiku lomwe chakumana ndi chinzake.

Kenako kuyezetsa, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Gulu la magazi lija timauzidwa tikapita kukapereka magazi, A, B, AB kapena O, ndi nkhani ina, ndipo AA, AS, SS ndi nkhani inanso, izi ndi zilembo za hemoglobin, chinthu chonyamula mpweya m'maselo ofiira, A ndi wabwinobwino pomwe S ndi wa sickle cell. Munthu atha kukhala wa gulu A koma ali AS, wina wa gulu O ali SS. Nde wina akakuuzani kuti ine ndinayezetsa kale ndine A, mufunseni kuti A wake uti. Mukafika kuchipatala nenani momveka kuti mukufuna kudziwa mtundu wa hemoglobin wanu pa nkhani ya sickle cell. Pali tesiti yakale yomwe amaika kadontho ka magazi pa galasi nkuona pa maikulosikopu ngati maselo akupindika, imeneyi imangonena kuti S alipo kapena palibe koma siikuuzani ngati ndinu AS kapena SS, ndiye ikatuluka kuti alipo musayambe kulira kaye, pemphani yotsimikizira. Yotsimikizirayo amaitcha Hb electrophoresis, komanso masiku ano kuli timatesiti tachangu tobaya pachala ngati ta malungo tija, monga HemoTypeSC ndi Sickle SCAN, tomwe timasiyanitsa AA, AS ndi SS mu mphindi zochepa. Pa helth senta yaing'ono mwina sangakhale nazo koma atha kukulemberani kalata yopita kuchipatala chachikulu, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre amaona ana a sickle cell, ndiponso malabu ena olipira amayeza. Ngati munaikidwa magazi posachedwa auzeni, ndipo ndi bwino kudikira miyezi itatu, chifukwa apo ayi ayeza magazi a munthu amene anakupatsaniyo nkukuuzani zabodza. Zotsatira zikatuluka apempheni azilembe m'kabuku ka kuchipatala, inunso mujambule pa foni. Tesiti imeneyi ndi ya kamodzi basi moyo wonse, siisintha.

Tsopano pepala lili m'manja. Likati AA ndiye kuti simunatengere S kwa kholo lililonse, simungapatsire mwana S, koma dziwani kuti pa malungo mulibe chitetezo chimenechi, wolimba si inu. Likati SS ndiye kuti munatengera kwa bambo ndi mayi omwe, amenewo ndiye matenda a sickle cell enieniwo. Nthawi zina mutha kuona C, monga AC kapena SC, ameneyu ngwochuluka ku West Africa makamaka Burkina Faso, Mali ndi kumpoto kwa Ghana, nayenso amatetezako ku malungo koma akakumana ndi S mwana amadwala ndithu.

AS ndi amene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe pali zabwino komanso kunamizana kwambiri. Munthu wa AS sadwala sickle cell, sadzasanduka SS akakula, amakhala moyo wake bwinobwino. Kachilombo ka malungo kakalowa mu selo lake lofiira, selo lija likafika pomwe mpweya wa oxygen wachepa limapindika nkulimba, kachilombo kamalephera kukula bwino ndipo kapamba amalichotsa msanga pamodzi ndi mlendo wakeyo. Chinanso, maselo ogwidwawo samatirira kwambiri m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo, komwe kumatirirako ndi kumene kumapangitsa mwana kukomoka ndi kuuma. Kafukufuku wa ku Kilifi ku Kenya ndi madera ena waonetsa kuti AS amachepetsa malungo aakulu, oika moyo pachiswe aja, ndi pafupifupi 90 peresenti. Nambala yaikulu zedi eti. Koma tamverani bwino, ndi malungo aakulu, osati malungo onse. Wa AS udzudzu umamuluma chimodzimodzi, tizilombo timalowa, amatentha thupi, pa malungo wamba chitetezocho ndi chocheperapo, ndipo atha kukhala ndi tizilombo m'magazi nkumapatsa udzudzu kuti ukalume mng'ono wake wa AA pa mphasa yomweyo. Komanso 90 si 100. Ndiye neti iziyalidwa usiku uliwonse, thupi likatentha pitani akabaye pachala tsiku lomwelo, akapeza malungo malizani LA yense m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu olo mupeze bwino pa tsiku lachiwiri, ndipo mumwere chakudya cha mafuta pang'ono kapena mkaka kuti alowe bwino m'thupi. Mayi woyembekezera wa AS Fansidar wa ku sikelo amwe ngati wina aliyense. Mwana wa AS katemera wa malungo alandire ngati kudera kwanu akuperekedwa, paja Malawi ndi dziko loyamba kuyamba kupereka katemerayu mu April 2019, Ghana ndi Kenya nkutsatira. Chowonjezera kwa a AS nchakuti mukamachita zolimbitsa thupi zamphamvu kwambiri padzuwa, za mpira kapena tirening'i ya usilikali, muzimwa madzi okwanira ndipo musamadzikakamize thupi litakana, komanso mukaona magazi mu mkodzo musangoti ndi likodzo nkukagula mapilitsi, kayezetseni muwauze kuti ndinu AS.

Pomwe pepalali limagwira ntchito yaikulu ndi pa chibwenzi. Timayezetsa HIV tisanamange banja, zabwino, koma iyi ambiri sitiganizako nkomwe. Masamu ake ndi awa, mwana amatenga chilembo chimodzi kwa bambo china kwa mayi. AA ndi AS sangabereke SS, mwana aliyense atha kukhala AA kapena AS theka ndi theka. AA ndi SS ana onse amakhala AS, palibe wodwala. Koma AS akakumana ndi AS mnzake, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi kuti mwana akhale SS, iwiri mwa inayi kuti akhale AS, umodzi kuti akhale AA. Ndati pa mimba iliyonse, chifukwa anthu amaimva ngati kuti pa ana anayi m'modzi yekha ndi amene adwale, nde woyamba akabadwa SS amati basi tamaliza otsatirawa abadwa bwino. Ayi ndithu, mimba iliyonse imayambira pa ziro, mutha kubereka atatu onse a SS kapena asanu popanda ndi m'modzi yemwe. Ine sindinganene kuti AS awiri asakwatirane, imeneyo ndi nkhani ya eni ake, ena amasiyana ena amapitiriza akudziwa chomwe akulowa, koma ndimaona kuti kudziwa chinkhoswe chisanachitike nkwabwino kusiyana ndi kudzadziwira pa bedi ya chipatala mwana ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Ndipo a kuchimuna mundimvere apa, mwana akapezeka SS musamati matendawa abwera ndi mkaziyu kwathu kulibe zimenezi. Sizitheka. S m'modzi wachokera kwa mwana wanu wamwamuna yemweyo, bambo a mwanayo, kaya mufune kaya musafune.

Ngati nonse ndinu AS, kapena simukudziwa koma kumtundu kuli mbiri, muyezetseni mwana akadali wakhanda osadikira zizindikiro. Miyezi yoyambirira amaoneka bwinobwino chifukwa amakhala akadali ndi hemoglobin wa m'mimba uja, mavuto amayamba kuonekera cha m'ma miyezi isanu ndi umodzi kupita m'tsogolo. Ena amaganiza kuti poti AS amateteza ndiye SS ateteza kawiri, kulakwitsa koopsa kumeneko, mwana wa SS magazi ake ndi ochepa kale ndipo kapamba wake sagwira bwino ntchito, malungo akangomukhudza magazi amatsika mofulumira moti maola ochepa okha atha kusintha zonse. Kwa iyeyu kutentha thupi kulikonse ndi kothamangira kuchipatala olo pakati pa usiku, osati kumupatsa panado nkudikira kuche. Mulembetseni ku kiliniki ya sickle cell, kumeneko amapereka penicillin wa tsiku ndi tsiku, folic acid, mankhwala oteteza malungo, amaonetsetsa kuti akatemera onse alandira, ndipo mufunse za hydroxyurea. Kafukufuku wa REACH yemwe anachitika ku Angola, DRC, Kenya ndi Uganda anapeza kuti mankhwalawa amachepetsa ululu, kuikidwa magazi ndi imfa, ndipo chodabwitsa malungonso anatsika ndi pafupifupi theka mwa ana omwe ankamwa. Anesi akuphunzitseni kupapasa kapamba kumanzere pansi pa nthiti kuti akatupa mwadzidzidzi muzindikire. Madzi akumwa pafupipafupi, juzi mu June ndi July, ndipo aphunzitsi ake adziwe kuti akapempha kutuluka kapena akati mwendo ukuwawa sakunamizira.

Chachiwiri choyenera kudziwa ndi G6PD. Aka ndi kanthu kamene kamateteza maselo ofiira kuti asaphwanyike akakumana ndi mankhwala ena, ndipo anthu ambiri mu Africa anabadwa nako kochepa, nazonso zimagwirizana ndi malungo chifukwa kachilombo sikasangalala m'maselo otere. Vutoli limayenda pa chromosome X, mbali ya chibadwa yomwe mwana wamwamuna amatenga kwa mayi ake basi, nchifukwa chake ndinati mufunse za amalume. Bambo amene ali ndi vutoli sapatsira ana ake aamuna, amapatsira aakazi onse, iwowo nkudzapatsira ena mwa ana awo. Munthu wotere tsiku ndi tsiku alibe vuto lililonse, nkhani imabwera akamwa mankhwala ngati primaquine wa masiku ambiri, tafenoquine kapena dapsone amene amagwiritsidwa ntchito pa khate ndi matenda ena a pakhungu, pakapita tsiku limodzi kapena atatu mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, maso chikasu, mtima kugunda, kufooka, m'manja kuyera. Mukaona zimenezo musamwenso dozi ina, thamangani kuchipatala mutanyamula paketi ya mankhwalawo. Sizongoopseza izi, mankhwala a malungo otchedwa Lapdap anachotsedwa pamsika mu 2008 chifukwa dapsone amene anali m'menemo ankaphwanya magazi a anthu otere. Timipira toyera tonunkha tija timaika m'sutikesi kuthamangitsa tizilombo natonso ndi toopsa, musamaike m'zovala za khanda, ndipo khanda likachita chikasu masiku oyambirira musangoliotcha dzuwa, lionedwe ndi adokotala. LA alibe vuto kwa anthu a G6PD yochepa. Ndipo musasiye nokha mankhwala omwe munapatsidwa kale, monga Bactrim kwa amene ali pa ma ARV, chifukwa choti mwawerenga izi, funsani kaye. Tesiti yake ilipo m'malabu akuluakulu, koma isayezedwe pomwe magazi angophwanyika kumene chifukwa imatha kuonetsa ngati zonse zili bwino, dikirani miyezi itatu.

Zina zonse zomwe mungamve sizofunika kuziyezetsa. Anthu a gulu O malungo aakulu amawapeza mocheperako poyerekeza ndi A, B ndi AB chifukwa maselo awo saunjikana kwambiri mozungulira selo logwidwa, koma kusiyanako nkochepa, simungasiyire neti. Alpha thalassaemia, yomwe imachititsa maselo ofiira kukhala aang'onoang'ono, nayonso imatetezako pang'ono, apa chofunika nchoti ngati akukuuzani mobwerezabwereza kuti magazi ndi ochepa mwamwa mapilitsi a ayironi koma osasintha, afufuze chifukwa china m'malo mongowonjezera mapilitsi. Ku gombe la Kenya anapeza mtundu wa magazi wotchedwa Dantu womwe umachepetsa malungo aakulu ndi pafupifupi 40 peresenti poti khungu la selo limakhala lokungika kachilombo nkumavutika kuboola. A Fulani a ku Burkina Faso amadwala malungo mocheperako kusiyana ndi a Mossi omwe amakhala nawo dera limodzi. Ndipo ambiri mwa anthu akuda a kumwera kwa Sahara tilibe kakhomo kotchedwa Duffy pa maselo athu komwe malungo a mtundu wa vivax amalowera, nchifukwa chake vivax ngwosowa kuno pomwe ku India ndi South America ali mbwee, ngakhale ku Ethiopia ndi Madagascar apezako anthu opanda Duffy atagwidwa ndithu.

Nditchulenso kaodzera, poti nkhani yake ikufanana ndipo ikukhudza anthu okhala kufupi ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza ku Rumphi komwe kuli ntchentche za kashembe. M'magazi mwa munthu aliyense muli puloteni yotchedwa APOL1 yomwe imapha tizilombo ta trypanosoma tambiri tomwe timadwalitsa ng'ombe, koma mtundu wa rhodesiense woyambitsa kaodzera mwa anthu, womwe ndi umene uli kuno kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, unapeza njira yoizemba. Anthu ena anabadwa ndi APOL1 yosinthika, amaitcha G1 ndi G2, ndipo mu 2010 akatswiri anaonetsa kuti yosinthikayi imatha kupha rhodesiense, kenako kafukufuku wa ku Uganda mu 2017 anapeza kuti okhala ndi G2 amagwidwa mocheperako kwambiri. Mtengo wake uli pa impso, wotengera mbali zonse ziwiri ali pachiopsezo chachikulu cha matenda a impso, makamaka ngati alinso ndi HIV yosamwera mankhwala bwino. Ku West Africa, monga Nigeria ndi Ghana, ndi komwe G1 wachuluka kwambiri. Tesiti ya APOL1 simungaipeze pa chipatala wamba ndipo simukufunika kuisaka, chomwe mungachite ndi kuyang'anira impsozo. Ngati kumtundu kuli anthu omwe anatupa miyendo ndi nkhope, anafika pa dayalisisi kapena BP inawayamba ali achinyamata, muziyezetsa BP, mupemphe akuyezeni mkodzo ngati mukutuluka puloteni komanso magazi pa creatinine (yosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito) kamodzi pachaka, ma ARV osadumphitsa, ndipo chizolowezi chomangomeza brufen ndi diclofenac mutu ukangoti pang'ono chichepe. Mukalumidwa ndi kashembe nkutuluka chotupa chowawa pamalopo, thupi nkumatentha koma tesiti ya malungo ikukana kapena LA sakuthandiza, auzeni adokotala komwe munapita ndi chomwe chinakulumani kuti ayang'ane kaodzera, chifukwa wa rhodesiense sachedwa, amatha kupha pa masabata kapena miyezi yochepa ngati sanapezeke.